Mzere Wokwera

Ntchito yanga ndi kuwerenga ana.
Osati pa mzere wa kusukulu, manja kumbuyo,
koma m'mafayilo a khaki
otsika kuchokera ku wodi pa ngolo ya gudumu lolira.
Dzina ndimafufuta. Ndimasiya zaka ndi kochokera:
Epworth, Dzivarasekwa, Mbare kumafulati.
Khansa ya mu ubongo ili ndi nambala yakeyake,
ndimaidziwa pamtima kuposa foni ya mchemwali wanga.

Chaka chikatha a Dokotala Mudzingwa amalowa
ndi tiyi wozizira kale m'manja.
Tione mzere, amatero.
Ndilumikiza timadontho, chaka chino, chatha, cha dzana,
mzere n'kudzuka pang'onopang'ono
ngati msewu wokwera pa Kopje.
Iwo akanda chibwano.
Kodi ana odwala achuluka
kapena ndi maso athu atseguka?
Kale mwana ankangoti mutu, mutu,
napatsidwa panado,
naikidwa m'manda ndi dzina la malungo.
Mwina mzerewu ukukwera chifukwa tayamba kuona.
Mwina.

Pali chaka china mzere unagwa chagada,
alendo a kumsonkhano anaomba m'manja.
Ine ndinalipo chaka chimenecho.
Makina ounika m'mutu anagona miyezi,
mtengo wa kombi unkasintha munthu ali m'njira.
Amene sanafike pa geti
sali pa pepala langa.

Lachinayi lina m'khonde ndinamva
chilankhulo cha malemu bambo anga,
amene anachoka ku Dedza ndi sutikesi ya malata
kudzaphikira azungu ku Avondale.
Siyileni, taluma nthochiyi, kamodzi kokha.
Mayi, Nangozo, wogulitsa tomato ku Mufakose.
Mwana, zaka zisanu ndi zitatu,
wometedwa mbali imodzi,
diso lamanzere likuyang'ana mphuno,
akuyenda chogwira khoma ngati nyumba ikupendekeka.

Anayamba kuona ndi aphunzitsi, anatero mayiyo.
Zilembo zinkatsetsereka pa mzere wa m'kope.
Kenaka kusanza m'mamawa, m'mimba mulibe kanthu.
Tinati njoka za m'mimba. Tinati maso.
Tinamwa madzi a mapostoli pansi pa thanthwe.
Miyezi inayi inapita choncho,
ndipo anaiwerenga pa zala ngati ngongole.

Mwanayo anandifunsa, Chichewa chosakaniza ndi Chishona,
inu mumabaya jakisoni?
Ayi, ndimawerenga ana.
Ine mwandiwerenga?
Sindinakuwerenge.
Mukandiwerenga mudzandiuze ndine wachingati,
m'kalasi ndinali wachitatu.

Fayilo yake inatsika jakaranda atatha kuyoyoka,
mvula yoyamba ikununkha pa phula la Mazowe Street.
Ndinafufuta dzina monga lamulo linenera.
Wamkazi. Zisanu ndi zitatu. Mufakose.
Kabokosi komaliza kamafuna liwu limodzi,
wamoyo kapena womwalira,
koma namwino analemba ndi bolopeni yofiira:
sanabwerenso.

Kompyuta siidziwa liwu limenelo.
Inaphethira, inaphethira, kudikira ine.

A Dokotala akuti kadontho kamodzi sikasintha mzere,
ndipo akunena zoona,
ndayesa kukachotsa, ndayesa kukabwezera,
mzere uli pomwepo, ukukwerabe chitunda chake.
Mwezi wa mawa adzauonetsa pa khoma loyera
kwa anthu ovala mabaji,
adzafunsana za madzi, za utsi, za magazi a makolo,
wina adzati tikufunika zaka zina khumi kuti tidziwe.

Lero Loweruka.
Ndalemba nambala ya nyumba pa chikhatho,
chinthu chimene chingandichotsetse ntchito.
Kombi ya ku Mufakose yadzaza, kondakitala akulendewera pa chitseko,
thukuta layamba kale kudya nambala yomaliza.
Ndikatsika ndiyenda pang'onopang'ono,
kuyang'ana zingwe za zovala kuseri kwa mipanda,
ngati pali yunifolomu yaing'ono yochapidwa dzulo.
M'chikwama muli nthochi zinayi
ndi yankho limene anandipempha.
Sindikudziwa ndikalipereka kwa ndani.